Tsiku limene ndinasiya alamu anga paphiri

Amene anandiyambitsa kuthamanga anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwo ankakhala ku Unit G, ine ku Unit D, madera a tauni yathu pafupi ndi Harare, ndipo ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, nthawi zina mabedi. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, manja awo ali timabala ta moto tokhatokha, ndipo ankandiposa ndi zaka khumi. Tonse tinabadwira m'mafamu a fodya makolo athu atachokera ku Malawi, koma mafamu ake anali osiyana, moti tinadziwana pamene ndinkafunsira mlongo wawo. Nthawi imeneyo anandivuta kwabasi. Ukwati utachitika, iwo omwewo ndi amene anakhala mnzanga weniweni.

Loweruka lina masana anafika kwathu ndi kapepala ka ku kiliniki, nakhala pansi pakhonde.

"Alamu, akuti magazi anga akuthamanga," anatero. "Ndiye ndaganiza kuti asamathamange okha. Mawa m'mawa mundiperekeze."

Ndinaseka, mkazi wanganso anaseka. Koma m'mawa mwake ndinamva kugogoda pageti. Anali atavala ovololo yodula m'mawondo ndi nsapato za tenesi zomwe zinali zitasiya kale kuyera.

Msewu wa tala sanaukonde. Ankati makombi, maminibasi a kuno, amakupumira utsi m'kamwa, ndipo madalaivala ake saona munthu. Ndiye tinkadutsa nyumba zomaliza, n'kudutsa timinda ta chimanga timene anthu amalima m'mphepete mwa tauni, mpaka kukafika ku matanthwe a kumidzi ya Seke. Kumeneko kuli njira za ng'ombe, mchenga, minga, ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati inachita kuikidwa ndi munthu. Poyamba tinkathamanga pang'ono n'kuyenda, kuthamanga n'kuyenda. Amayi opita kukatunga madzi ankatikuwa m'Chishona kuti, "Mhanyai, vanasekuru!" kutanthauza kuti thamangani, agogo, ndipo alamu ankawavulira chipewa osaima.

Panjira imeneyo tinkalankhula Chichewa chokhachokha. Kunyumba ana anga ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chishona, ndipo ngakhale ine ndi mkazi wanga timasakaniza osazindikira. Koma alamu anali ndi mawu a kufamu amene ine ndinali nditawaiwala, mayina a udzu ndi a mbalame, ndi nyimbo zina zotukwana zimene amuna ankaimba posanja fodya. Ankandiphunzitsanso kutsika thanthwe: osayang'ana pamene phazi lili, koma pamene likupita, mawondo ofewa, manja otambasula. Sindikudziwa kuti iwo anaziphunzira kuti.

Patapita zaka ziwiri ine ndinayamba kuwasiya m'mbuyo. Ntchito yanga inali yoyendetsa galimoto yoperekera buledi m'mashopu, tsiku lonse uli chikhalire, ndiye thupi litangolawa kuthamanga linakufuna ngati fodya. Ndinagula wotchi yoyeza mtunda. Ndinalowa gulu la pafoni la anthu othamanga m'mapiri, ambiri a iwo a ku Harare, anthu a m'maofesi. Pamwamba pa thanthwe lililonse ndinkaima n'kumadikira alamu, maso ali pa wotchi. Iwo ankafika akupuma mwamphamvu, n'kunena kuti, "Kodi kawotchiko kakukuuzani kuti kunyumba kwapsa?"

M'gulu lomwelo ndi m'mene ndinamva za mpikisano wa m'mapiri a ku Nyanga, mwezi wa Julaye, pakati penipeni pa chisanu. Ndinawauza alamu mongocheza, koma iwo anaigwira nkhaniyo. Anali asanapiteko kumapiri akum'mawa chibadwire. Tinalembetsa tonse awiri.

Okonza mpikisano anatumiza mndandanda wa zinthu zimene aliyense ayenera kunyamula: madzi, foni, wezulo, kabulangete kopyapyala konyezimira kamene kamapindika n'kukwana m'thumba, ndi jekete yosalowa madzi. Analemba momveka bwino kuti nyengo ya kuphiri imasintha mwadzidzidzi, ndipo munthu wonyowa akaima pamphepo amatha kufa ndi kuzizira ngakhale masana. Ine ndinazungulira pakaunjika, kuno timati pabhero, mpaka ndinapeza kajekete kabuluu kopepuka ngati pepala. Alamu anati iwo savutika, ali nayo kale. Inali renikoti yawo ya kuntchito, yachikasu, yofika m'mawondo, yolemera, yonunkha mphira.

Tinapita ndi minibasi ya gulu lija, n'kugona mu holo ya pasukulu ina m'tsinde mwa phiri. M'mawa udzu unali mbuu ndi chisanu, koma kumwamba kunali koyera, kopanda ndi kamtambo komwe. Patebulo lina panali anthu oona zikwama. Anatsegula changa, anatsegula cha alamu, nachonga mayina athu. Mmodzi wa iwo ataona renikoti ija anamwetulira, koma anati ili bwino, ndipo mwina ndi yabwino kuposa zambiri zimene waona.

Chikwama cha alamu chinali chitatupa ngati anyamula dzungu. Pafupi nafe panali anyamata ndi atsikana a m'tauni, zovala zawo zothina, zikwama zawo zazing'ono zomata pamsana. Wina anagwedeza mnzake n'kuloza ndi mlomo. Wina anatulutsa foni n'kujambula. Alamu sanaone, kapena anaona koma sanasamale. Ine ndi amene ndinachita manyazi. Ndakhala ndikudziuza kwa zaka zambiri kuti ndinkawaganizira kulemera kwa katundu, koma zoona zake n'zakuti sindinafune kuti anzanga atsopanowo andione ndili ndi mdala wa renikoti yachikasu.

"Alamu, chinthu chimenechi chikutopetsani pachabe," ndinatero. "Taonani kumwambaku. Zikwama aona kale. Kachisiyeni m'basi."

Anayang'ana phiri kwa kanthawi.

"Mukutero?"

"Ndikutero. Kukazizira ndikupatsani yangayi. Si tili limodzi?"

Anapita ku minibasi, naipinda bwinobwino monga ankachitira ndi zinthu zawo zonse, naiika pansi pa mpando.

Chigawo choyamba chinali chokoma. Tinadutsa m'nkhalango ya paini, pansi pali pofewa ndi masamba, kafungo kake ngati ka sopo. Kenako njira inayamba kukwera, ndipo aliyense anasiya kuthamanga n'kumayenda manja ali m'mawondo. Alamu ankakwera bwino kuposa m'mene ndinkaganizira. Pamalo omwera madzi achiwiri anadya nthochi ziwiri, naseka ndi amayi amene ankagawa madziwo, nawauza kuti akadziwa kuti kuli malo okongola chonchi akanabwera kudzafunsira konkuno.

Pamwamba panalibe mitengo, udzu wautali wokhawokha ndi miyala, ndi timitsinje tozizira todutsa njira. Njirayo inkadziwika ndi tinsalu tofiira tomangirira pa udzu ndi pa zitsamba. Pakamtsinje kachitatu alamu anaponda mwala wandere. Ndinamva phuu kumbuyo kwanga, ndipo potembenuka ndinawaona ali m'madzi mpaka m'chiuno. Ndinawakoka. Ataponda pansi nkhope yawo inakwinyika. Phazi lakumanja linali litapindika pa kakolo.

Anakhala pamwala n'kumasisita. Ine ndinaima pambali. Anthu amene ndinawapitirira pokwera anayamba kutidutsa mmodzimmodzi, aliyense akufunsa ngati tili bwino, ife n'kumayankha kuti tili bwino. Alamu anadzuka, nayenda masitepe angapo motsimphina, kenako anayesa kuthamanga pang'ono, n'kusiya. Ndinayang'ana wotchi. Sindinadziwe kuti andiona.

"Pitani, alamu," anatero. "Ine ndibwera pang'onopang'ono. Potsala si patali."

Panali patali. Tonse tinkadziwa.

"Mukunena zoona?"

Ndinafunsa kamodzi kokha, ndipo mawu anga ankachita kupempha kuti avomere. Iwo anaseka, nandikankha paphewa, nabwereza mawu aja oti pitani, alamu, koma m'Chishona, ngati akuthamangitsa nkhuku: "Endai, tsano, endai!"

Ndinapita.

Za jekete ndinakumbukira nditathamanga kale kamtunda ndithu, pamene mphepo yoyamba inandimenya pakhosi. Kumanzere, kumene m'mawa tinkaona zigwa mpaka kutali, kunali kutayera, ndipo kuyerako kunkakwera kubwera kwa ife. Ndinaima, n'kutsegula chikwama, n'kutulutsa kajekete kabuluu kaja. Ndinakagwira m'manja ndikuyang'ana kumene ndachokera. Kubwerera kunali kukwera. Ndinadziuza kuti kumbuyo kuli anthu a mpikisano amene amayenda pomaliza kusesa otsalira, kuti alamu ali ndi kabulangete, kuti ndi munthu wolimba amene anakulira m'minda. Zonsezo zinali zoona. Ndinavala jekete ija ndekha n'kupitiriza.

Pasanapite nthawi chifunga chinatseka paliponse, chili ndi kamvula kowaza kamene kuno amati guti. Kansalu kofiira kamodzi ukakapeza, kotsatira sunkakaona mpaka utayenda ndithu. Zala zanga zinauma moti ndinalephera kutsegula botolo la madzi. Ndinatsika phirilo ndi anthu ena atatu, tikuitanizana kuti tisasochere, ndipo titafika m'nkhalango ya m'munsi ndinawasiya onse atatu. Ndinamaliza bwino. Anandiveka mendulo, anandipatsa tiyi wotentha, ndipo wina anandiuza kuti pa amuna a msinkhu wanga ndili m'gulu la oyambirira. Ndinasangalala, sindingabise. Kwa kanthawi ndithu ndinali munthu wosangalala kwambiri, ndikujambulitsa ndi anzanga a pafoni aja.

Kenako ndinapita ku minibasi kukatenga zovala zouma. Nditawerama kuti ndikoke chikwama changa, dzanja langa linakhudza mphira wozizira pansi pa mpando. Inali renikoti ija.

Ndinabwerera pamalo omalizira n'kuima pamenepo. Anthu ankatuluka m'chifunga mmodzi, awiri, onyowa, ena atadzikulunga m'timabulangete tawo. Aliyense ndinkamufunsa ngati waona bambo wamfupi wotsimphina. Ena anati anamuona pafupi ndi mtsinje akuyenda. Obwera pambuyo pake anati sanaone munthu. Pomaliza anafika anthu awiri osesa aja, nanena kuti kumbuyo kwawo kulibe aliyense.

Mayi amene anali ndi mndandanda wa mayina anawerenga kawiri. Panalibe anthu awiri: alamu ndi mayi wina wa ku Mutare. Anandiitana.

"Ndinu m'bale wawo? Munasiyana pati?"

Ndinamuuza za mtsinje ndi phazi.

"Jekete ali nayo?"

"Zikwama munaziona nokha m'mawa," ndinayankha.

Anandiyang'ana pang'ono, kenako analankhula pa wailesi yake yam'manja. Amuna asanu a m'deralo, odziwa phirilo, ananyamuka ndi machira ndi mabulangete. Ndinapempha kupita nawo koma anakana, anati miyendo yanga yatha ndipo sakufuna kunyamula anthu awiri. Ndinakhala pa benchi mendulo ili m'khosi. Sindikumbukira nthawi imene ndinaivula.

Anawapeza cha m'ma folo koloko madzulo. Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake kwa mayi wa ku Mutare uja. Chifunga chitatseka, alamu anatsata kanjira ka nyama poganiza kuti ndi njira ya mpikisano, ndipo atazindikira anali atatalikira tinsalu tija. Phazi linatupa, zovala zili zonyowa, mphepo ikuwomba. Anakhala kuseri kwa mwala, nadzikulunga kabulangete, nayamba kuliza wezulo. Mayiyo anali womaliza pa othamanga onse, ndipo unali mpikisano wake woyamba. Anamva wezulo chapatali, kumbali kumene kunalibe njira. Akanatha kupitiriza n'kukanena pamalo omwera madzi. M'malo mwake anatsata kulirako, ndipo atawapeza anavula jekete yake n'kuwaveka, nawakulunga m'mabulangete onse awiri, nakhala atawakumbatira kumsana. Milomo ya alamu itauma, iyeyo ndi amene anapitiriza kuliza wezulo mpaka amuna aja atamva. Sankawadziwa, ngakhale dzina lawo.

Atawatsitsa ndinathamangira ku machira. Milomo yawo inali yotuwa, ndipo sankanjenjemeranso. Anandiyang'ana n'kunditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale ku famu. Ankanena kuti moto wa m'chigafa cha fodya wachuluka, wina akauchepetse, iwo akumva kutentha.

Anagona m'chipatala cha kumeneko masiku asanu, chifukwa pambuyo pa kuzizirako kunabwera chibayo. Mkazi wanga anafika ndi basi tsiku lachiwiri. Anali atamva kale kwa anthu a m'gulu kuti renikoti inapezeka m'minibasi. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuwagwira dzanja.

"Achimwene, inu munthu wosamala zinthu chonchi, renikoti munaisiyiranji?"

Ine ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi. Alamu anayang'ana khoma.

"Ndinaiwala, mlongo wanga. Ukalamba."

Mpata unalipo. Panali chete wokwanira kuti munthu anene mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndinatenga jagi n'kunena kuti ndikatunge madzi.

Phazi lija silinabwererenso mwakale. Nyengo yozizira ikafika ankatsimphina, ndipo kuthamanga anasiyiratu. Koma sanandisonyezepo nkhope yoipa ngakhale tsiku limodzi. Ndikanakonda akananditukwana. Ankandilonjera monga kale, kundifunsa za mipikisano, kundiseka za kawotchi. Ine ndi amene ndinayamba kuwathawa. Ndikamapereka buledi ku Unit G ndinkazungulira msewu wina kuti ndisadutse pamalo awo a ntchito. Lamlungu ndinkakwera kombi kupita kukathamanga ndi a ku Harare. Tikakumana pamaliro kapena paukwati tinkakamba za magetsi ndi za madzi, ngati anthu ongodziwana pamzere wa pachigayo, ndipo ndinazindikira tsiku lina kuti ndikuwalankhula m'Chishona.

Kamodzi anabweranso m'mawa wa Lamlungu. Ndinawaona pawindo ataima pageti, atavala nsapato za tenesi, ndodo ili m'manja.

"Alamu, sindikuti tithamange," anatero nditatuluka. "Tingoyenda mpaka pathanthwe loyamba, tikakhale pang'ono. Ndakusowa kumeneko."

Ndinawauza kuti abwana andiitana, pali galimoto ina yawonongeka ndipo ndiyenera kukathandiza. Linali bodza. Anagwedeza mutu, nati palibe kanthu, tidzapita tsiku lina. Ndinawayang'ana akupita mpaka anakhota pakona ya shopu. Sanalowere njira ya kumatanthwe, analowera yobwerera kwawo. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pabedi nditavala yunifolomu ya kuntchito, kuti mkazi wanga asandifunse.

Patapita zaka zinayi chichokereni kuphiri kuja, anagwa pantchito ali ndi chitsulo m'manja. Anati ndi sitiroko. Palibe dokotala amene ananena kuti zikugwirizana ndi zimene zinachitika ku Nyanga, ndipo mwina sizikugwirizana. Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka zimene tinkathamanga, anamwino ankawayamikira akapita kukayezetsa, ndipo atasiya anawawonjezera mapilisi. Ndinapita kukawaona tsiku lachiwiri. Mbali imodzi ya nkhope inali itagwa, kulankhula sankatha, koma maso ankaona ndipo anandizindikira. M'chipindamo munali akazi awo ndi abale ena. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Mupeza bwino, alamu." Ndi zokhazo zimene ndinanena. Anamwalira mawa lake masana.

Mkazi wanga ndinamuuza patatha milungu itatu chiikireni maliro. Linali Loweruka, madzi anali atabwera pampopi patapita masiku ambiri, ndipo iye ankachapa kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pa chidebe chovundikira n'kuyamba kuyambira patebulo loonera zikwama. Ndinanena za manyazi, za lonjezo la jekete, za wotchi, za yankho limene ndinapatsa mayi wa mndandanda, za Lamlungu lija la ndodo. Iye sanasiye kuchapa. Nditamaliza anafinya malaya amene anali nawo, nawaponya m'beseni.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Unkadziwa bwanji?"

"Anandiuza okha, tsiku lomwe lija m'chipatala, inu mutapita kukatunga madzi. Anati ndisakufunseni, ndipo ndisakusungireni mkwiyo. Anati, 'Mwamuna wako si munthu woipa, wangochita mantha. Adzabwera yekha kudzandiuza, tidzaseka, nkhani idzathera pomwepo.'" Anapukuta manja pa chitenje. "Chaka choyamba ankandifunsa akabwera kuno kuti, kodi alamu ali bwanji mumtima? Kenako anasiya kufunsa."

Pampopi wa anzathu oyandikana nawo wina ankatsuka mbale akuimba.

"Bwanji sunandiuze zaka zonsezi? Ukanangondikankha pang'ono, ndikanapita."

Anandiyang'ana m'maso koyamba chiyambire kulankhula kwanga. Sanakweze mawu.

"Ndikukankheni ine? Si ine ndinawasiya paphiri, bambo. Inali nkhani yanu ndi iwo. Ine ndinkangodikira nawo limodzi."

Ananyamula ndowa yopanda kanthu n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinamva akutseka chitseko cha kuchipinda. Beseni la zovala zochapa linatsala pomwepo. Ndinadikira pang'ono, koma sanatulukenso, ndiye ndinadzuka n'kuziyanika ndekha.